Momwe mungakaonere mbalame ku Liwonde kuchokera pa Zomba pano

Ambirife tikamva za Liwonde National Park timati ndi za azungu, chonsecho pakiyi ili pamphuno pathu pomwepa, mphepete mwa Shire, ndipo muli mitundu ya mbalame yoposa 400. Ngati mukufuna kukaona, yendani motere.

Choyamba sankhani nyengo. Mbalame zochokera ku Ulaya ndi ku Asia, monga anamzeze ena aja, zimathawa chisanu kwawoko n'kufika kuno cha mu Novembala, kubwerera cha mu Epulo, ndiye nthawi yabwino ndi ya dzinja yomweyi. Vuto lake mvula ikalimba misewu ina yamkati imachita matope galimoto osadutsa, nchifukwa chake ine ndimati osalimbana nazo, konzekerani za boti basi.

Musananyamuke imbani kaye ku loji ina ya ku Liwondeko mubukitse malo m'boti ndipo mufunsiretu mtengo, komanso mukhale kagulu chifukwa wekha zimawawa m'thumba. Chiphaso cha unzika osaiwala, Amalawi timalipira zochepa pageti kusiyana ndi alendo akunja.

Lawirirani m'mamawa. Kwerani minibasi ya ku Liwonde pa depoti, msewu wa M3 kudutsa Domasi ndi Malosa, koma mukudziwa kale kuti minibasi imanyamuka ikadzadza ndiye ngati wina pagulupo ali ndi galimoto muthirireni mafuta. Mkati mwa paki simungangolowa wapansi kapena pa kabaza ayi, kuli njovu, komanso a African Parks atayamba kuyendetsa pakiyi mu 2015 anabweretsanso mikango mu 2018. Si nthabwala.

Zovala, pewani zabuluu ndi zakuda, kashembe amazikonda koopsa ndipo akaluma mumadumpha. Tengani chipewa, madzi akumwa, mankhwala odzola a udzudzu, ndi magalasi oonera patali aja ngati mungabwereke, kamera ya foni mbalame imangotuluka kadontho.

Mukakwera boti apa ndiye pali nkhani. Valani jekete lopulumutsira, dzanja m'madzi ayi, ng'ona ndi mvuu za mu Shire sizicheza. Foni ikhale pa sailenti, spika ya nyimbo isiyeni kunyumba chonde. Kenako muziyang'ana malo atatu: pamwamba pa mitengo pomwe nkhwazi imakhala n'kumalira mutu utapendekera kumbuyo, m'mabango momwe mumabisala akakowa ndi tina ting'onoting'ono, ndi pamchenga pomwe timbalame ta miyendo itali-itali tochokera kutali tija timathamangathamanga. Iti ndi yakonkuno iti ndi mlendo simungadziwe nokha, funsani gaidi, anthu aja amazidziwa ndi kulira komwe. Mufunseninso za kadzidzi wogwira nsomba uja amati Pel's fishing owl, alendo amalipira ndege kudzamufuna ndipo saoneka wamba.

Chakudya osaponyera anyani. Pobwerera musachedwe, kukada minibasi za ku Zomba zimasowa ndipo mtengo amakweza.