Mmene ndimayendera wapansi kumidzi osasochera

Ine ndimakonda ulendo wa makilomita 5 kapena 6, wozungulira, kuti ndisabwerere njira yomwe ndadzera. Pamalo osalala munthu amayenda makilomita 4 kapena 5 pa ola, koma mukalowa m'nkhalango ndi m'minda onjezeranipo theka la ola, chifukwa mudzaima kuyang'ana mbalame kapena kuzula minga pa sokosi.

Nsapato zikhale zakale, zozolowera phazi. Ndinayesapo zatsopano kamodzi kokha. Pofika pa kilomita yachitatu chidendene chinali chitatuluka matuza awiri, ndipo ndinabwerera kunyumba ndikutsimphina. Tengani madzi, chipewa ndi foni yokhala ndi moto wokwanira.

M'nkhalango ndi momwe anthu amasokonekera, poti mitengo imafanana. Ine pamphambano iliyonse ndimacheuka n'kuona mmene njirayo ikuonekera kwa munthu wobwerera, kenako ndimasunga chizindikiro: chitsa chowauka, mwala waukulu, mtengo wopindika. Onaninso kumene kuli dzuwa musanalowe. Mukatuluka, yang'anani m'miyendo ngati nkhupakupa sinakukakamireni. Zimakonda kuseri kwa mawondo, tizilombo timeneti.

M'munda mwa eni dzerani m'mphepete, musaponde mbewu, ndipo chipata chimene mwachipeza chotseka muchitsekenso. Ng'ombe imene ili ndi kamwana muilambalale patali.

Galu akakuuwani pamudzi musathawe, chifukwa mukathawa ndiye amakuthamangitsani. Imani, musamuyang'ane m'maso, kenako pitirirani pang'onopang'ono. Pamsewu wopanda kanjira ka anthu apansi, yendani mbali imene magalimoto akubwera kutsogolo kwanu, kuti muziwaona.