Kutolera ndi kukonza zidole zakale zoswera mtedza muli awiri: poyambira pake kuno ku Lilongwe

Mwina munaziwonapo pa TV nthawi ya Khirisimasi kapena pa shelefu m'mashopu a katundu wa ex-UK, zidole zamatabwa zovala ngati asilikali kapena mafumu, mano onse pamtunda, ndevu mbuu, kumsana kuli kachogwirira koti ukakakweza kukamwa kumayasama. Amenewo ndi ma nutcracker, ndipo kuwatolera n'kumawakonza kumakoma muli awiri, kaya ndi akunyumba kwanu, kaya mlongo wanu kaya mnzanu wa ponda apa nane mpondepo. Ine ndimachita ndi mayi akunyumba. Wachiwiriyo ngofunika zedi chifukwa zidole zambiri zakale zimaphedwa ndi munthu wa phuma amene wagwira sandipepa ndi chitini cha penti Loweruka masana, ndiye pamafunika wina pambali woti azinena kuti "basi bambo, siyirani pomwepo".

Muyambe mwadziwa kaye chimene mukusaka. Zidole za asilikali zija kwawo ndi ku Erzgebirge, dera lamapiri kumalire a Germany ndi Czech Republic, kumene anthu ankakumba siliva ndi tini, migodi itayamba kutha anthu aja anatembenukira ku matabwa kuti apeze ya mchere. M'tauni ya Seiffen, cha m'ma 1870, Wilhelm Füchtner ndi amene anayamba kupanga zambirimbiri za mtundu umene tikuudziwa lerowu, ndipo sankasema thupi lonse ndi mpeni ayi, ankazungulitsa thabwa pa makina n'kumalidula mozungulira, kenako n'kulumikiza miyendo, mikono ndi chipewa. Zoti zidolezo n'za mafumu, asilikali ndi apolisi sizinangochitika, anthu wamba ankasangalala kuona mabwana akuwaswera mtedza ndi mano. Palinso mtundu wina umene ine ndimaukonda kuposa asilikaliwo, wosemedwa ndi manja kuchokera ku thabwa limodzi kapena awiri, mutu wa chimbalangondo, galu, kapena nkhalamba ya mphuno yaitali, nthawi zambiri opanda penti. Ambiri a mtundu umenewu anachokera ku Brienz ku Switzerland ndi ku Val Gardena ku Italy. Ena alibe n'chogwirira chomwe, ali ndi sikuluwu yamtengo yoti uzipotokola mpaka mtedza uphwanyike.

Ukachinyamula chidole, chinthu choyamba tembenuza uone kunsi kwa phazi. Pakalembedwa "Made in GDR" kapena "German Democratic Republic" ndiye kuti chinapangidwa pakati pa 1949 ndi 1990 nthawi imene Germany inali iwiri, "West Germany" nayonso ndi ya nthawi yomweyo. Mayina a makampani opanga zidolezi ngati Steinbach, Christian Ulbricht kapena Anri ndi abwino kuwaona. Koma tisanamizane, amalonda a zinthu zakale amati chakale chenicheni chizikhala chitakwana zaka 100, ndipo zoterozo kuno n'zamwayi, zambiri zimene mupeze n'za m'ma 1970 ndi 1980, zomwe n'zabwinobwino poyambira. Zatsopano zotchipa zija zimadziwika msanga: n'zopepuka, penti yake yonyezimira mofanana thupi lonse, mikanda yapulasitiki yomatidwa ndi guluu wamoto, ndipo kachogwirira kake n'kongokongoletsa. Pomwe chakale chimakhala ndi malo othetheka kumene manja ankagwira, maso ojambula ndi dzanja mwina limodzi lokulirapo pang'ono, tsitsi ndi ndevu kawirikawiri n'za ubweya wa kalulu.

Nanga muzipeza kuti? Mashopu a ex-UK aja ndiye poyambira, makamaka kuyambira Novembala akamatulutsa makatoni a zokongoletsa za Khirisimasi, komanso Januwale pamene zotsala amangofuna zichoke. Muzizungulirako pa Tsoka ndi m'misika ya kaunjika kwa anyamata ogulitsa zidole za ana, poti nthawi zina msilikali wathu amapezeka pansi pa mulu wa timagalimoto tapulasitiki atathyoka mkono. Njira ina ndi azungu a m'ma embassy ndi m'mabungwe amene akubwerera kwawo, ku Area 10, Area 12, Area 43, amagulitsa katundu wa m'nyumba pa Facebook ndipo zokongoletsa za Khirisimasi safuna kuzinyamulanso. Asiyireni nambala ogulitsa awiri atatu, muwatumizire chithunzi pa WhatsApp n'kuwauza kuti achimwene chikafika chonchi mundiimbire, ngakhale chothyoka. Ndipo ponenerera mtengo apa ndi pamene kukhala awiri kumathandiza, wina aziyang'ana chidole wina azicheza ndi wogulitsa, osati nonse kuonetsa mano kuti mwachikonda, mtengo ukwera pompo.

Mukafika nacho kunyumba musachiike pa shelefu tsiku lomwelo. Yang'anani ndi tochi ya foni ngati chili ndi timabowo ting'onoting'ono tozungulira, kenako chiimikeni pa pepala lakuda pakona poti ana safika kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Mukapeza kaufa pa pepalapo ndiye kuti anankafumbwe akadali moyo m'katimo ndipo akhoza kusamukira ku mipando yanu. Njira imene amagwiritsa ntchito m'nyumba zosungira zinthu zakale ndi kuzizira: kulungani chidole ndi tishu, muike mu jumbo ziwiri, finyani mpweya utuluke n'kumanga zolimba, kenako mu firiza yofika -18 kapena -20 kwa masabata awiri. Potulutsa musamasule jumbo, chisiyeni tsiku lathunthu chifunde chokha kuti thukuta likhale kunja kwa jumbo osati pa penti. Vuto ndi magetsi athuwa, akazima nthawi yaitali firiza n'kusungunuka muyambirenso kuwerenga. Ngati penti ikusuluka kale ine sindiika mu firiza, bola kugula mankhwala a tizilombo ta m'matabwa ku hardware n'kumathira bowo lililonse ndi sirinji, panja pamphepo, mutavala magolovesi.

Tsopano kutsuka, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa. Madzi ndi sopo ayi. Sipiriti ayi, thinner ndiye musayerekeze n'komwe. Penti ya zidole zambiri zakale imasungunuka msanga ndipo ikachoka yachoka, ndiponso wogula wodziwa amafuna penti yoyambayo ngakhale yothetheka, osati yanu yatsopano. Yambani ndi burashi yofewa yowuma, ija amayi amadzolera pawuda imagwira bwino, muzisesa kuchokera ku chipewa kutsika, m'makwinya a yunifolomu, pakati pa mano. Litsiro lokakamira, tengani kathonje mukulunge ku kamtengo ka machesi, munyowetse ndi malovu. Eee malovu, musaseke, akatswiri okonza zithunzi zakale amachita zomwezo chifukwa malovu amasungunula litsiro pang'onopang'ono osanyowetsa thabwa. Yesani kaye malo obisika ngati kuseri kwa nsapato, muzigubuduza kathonjeko osati kukhula, kakada tayani mutenge kena, ndipo musakabwezere kukamwa. Mnzanu akhale akuyang'ana thonjelo: likatuluka lotuwa ndi litsiro, pitirizani, likatuluka lofiira kapena la buluu ndi penti imeneyo, imani. Nkhope yokha ikhoza kukudyerani madzulo onse, ndipo n'zosangalatsa kuona masaya ofiira akutuluka pamene mumayesa kuti n'pakuda chibadwire. Sandipepa musamuganize, chifukwa china n'choti penti zakale zina zili ndi mtovu, fumbi lake n'loipa makamaka kwa ana, ndiye zidolezi asamaseweretse kapena kuika kukamwa. Ndevu zipeseni ndi mswachi wofewa wouma basi, zikanyowa chikopa cha kalulu chimauma gwa n'kuthothoka.

Zothyoka. Supagulu amakopa chifukwa ngwachangu koma amasiya zoyera m'mbali ndipo mukamata mokhota palibenso kubweza. Zidole zakale zinkamatidwa ndi guluu wa zikopa amene amamasuka ndi kutentha ndi chinyezi, ndipo mukhoza kupanga wofanana naye ndi gelatine wopanda shuga wa m'masupamaketi: supuni imodzi ya gelatine, masupuni awiri kapena atatu a madzi ozizira, afufume, kenako ikani kabotoloko m'madzi otentha asungunuke koma asawire. Palani kaye guluu wakale pamalo othyokapo, yesani kulumikiza popanda guluu muone ngati zikukhalana, ndiye pakani pang'ono mwachangu poti amagwira akamazizira. Apa manja anayi ndi ofunika, wina agwire mkono pamalo pake wina akulunge ndi kansalu n'kumanga ndi legeni ya chubu cha njinga, osakoka kwambiri. Chigone choncho mpaka mawa. Kwa chidole chotchipa cha posachedwa guluu woyera wa akalipentala palibe vuto. Chogwirira chikamalimba, pakani kandulo pamene matabwa akukhulana, osati mafuta ophikira, amalowa m'thabwa n'kuyamba kununkha.

Lupanga, mfuti, kapena kampira ka pamwamba pa chisoti zikasowa, tili ndi mwayi kuno poti osema ziboliboli alipo, pitani kwa amene amakhala pafupi ndi Post Office ku Old Town mutatenga chithunzi ndi miyezo. Muwauze kuti madala ndikufuna thabwa loyera lopepuka, paini kapena malaina, osati phingo kapena mlombwa, ndipo chonde musapake polishi. Amisiri athu anazolowera kumaliza ntchito ndi polishi wa nsapato, pa ziboliboli zawo zimakhala bwino koma pa msilikali wopentedwa ndi ngozi, n'chifukwa chake chidole chenichenicho musachisiye kumeneko. Penti ipite pa chidutswa chatsopano chokhacho. Zosema zopanda penti za ku Brienz zija, phula la njuchi pang'ono pa kansalu n'kupukuta bwino lakwana, vanishi ayi.

Posunga kumbukirani nyengo yathu. Okutobala kunja kumauma moti thabwa limang'aluka, Januwale ndi Febuluwale chinyezi chimabweretsa chuku, ndiye kabati ya galasi kutali ndi windo komanso osagunda khoma lonyowa ndi imene imathandiza, muponyemo timapaketi toyamwa chinyezi tija timabwera m'mabokosi a nsapato. Muziyang'ananso njenjete mu ndevu. Ndipo alendo adzafuna kuyesa, wina adzatulutsa makademiya m'thumba, kanizani, chigoba chake n'cholimba kwambiri moti chibwano cha chidole chimathyoka, zidolezi anapangira mtedza wofewerapo wa kwawoko. Apongozi akabwera n'kuona asilikali khumi atakwenya mano pabalaza, afotokozereni msanga asanapite kukauza abusa.

Za ndalama gwirizanani mwezi usanayambe kuti pa zidole sitipyola mwakuti, ndipo aliyense akhale ndi mphamvu yokana, kaya pogula kaya pokonza. Gulani kope la hardcover, chidole chilichonse tsamba lake: munachipeza kuti, liti, pa ndalama zingati, kunsi kwalembedwa chiyani, mwamata pati ndi guluu wanji, chidutswa chiti n'chatsopano. Jambulani mbali zonse zinayi ndi kunsi musanachikhudze komanso mukamaliza, ndipo tsiku lodzagulitsa kapena kusinthana ndi wina, muonetseni tsambalo.