Ndalama za pa golosale sizinkakwana, ndakonza chonchi

Golosale yanga ili ku Area 25, katundu ankayenda bwinobwino koma mwezi ukatha ndalama yokaodera mtauni inkaperewera. Ndinayesa kusunga malisiti mujumbo, kenako kulemba mufoni, osathandiza. Mayi ena olembera mabizinesi ang'onoang'ono maakaunti anandiuza ndigule hadikava ndi lula basi. Tsamba lakumanzere zolowa, lakumanja zotuluka, ngongole za makasitomala kumapeto kwa buku. Chinathandiza kwambiri ndi kulekanitsa kashi, Airtel Money ndi Mpamba, chilichonse mzere wakewake, madzulo ndisanatseke ndimafananiza ndi mameseji amufoni. Apa mpamene zinaoneka kuti shuga ndi sopo wopita kunyumba amangotuluka osalembedwa, pano ngakhale ineyo ndimalipira. Mayiwo amadzaliona bukulo mwezi ukatha, ndimawapatsa kangachepe.