Momwe mungadziwire ngati loboti ikudziyendetsa yokha kapena pali munthu amene akuiyendetsa mobisa

M'magulu a WhatsApp a ku Mbare, Mufakose, Mabvuku ndi Dzivaresekwa mukuyenda makanema ambiri a maloboti ooneka ngati anthu, ena akupinda zovala, ena akuthira zakumwa m'matambula, ena akucheza ndi alendo ngati kuti anakulira pakati pathu. Mu Disembala 2024 loboti yotchedwa Sophia inaonetsedwa pa University of Zimbabwe kuno ku Harare mothandizidwa ndi UNDP, bungwe la United Nations loona za chitukuko, ndipo ana ndi akulu omwe anapita kukaiona. Chidwi chotere n'chabwino, makamaka kwa ana athu amene angadzakonde maphunziro a sayansi, koma woonera aliyense ayenera kukhala ndi funso ili pamtima: kodi amene akusankha chochita panthawi imeneyo ndi makinawo, kapena ndi munthu amene sitikumuona?

Funsoli lili ndi maziko. Pa 10 Okutobala 2024 kampani ya Tesla inachita chionetsero pamalo a Warner Bros. ku Burbank, m'chigawo cha California, kumene maloboti ake otchedwa Optimus ankapereka zakumwa, kusewera ndi alendo ndi kuyankha mafunso mosadodoma. Patapita masiku ochepa atolankhani a Bloomberg analemba kuti kuyenda kwa malobotiwo kunali kwa okha, koma zambiri za kucheza kwawo ndi alendo zinkathandizidwa ndi antchito a kampaniyo ali pamalo ena, ndipo zimenezi sizinalengezedwe pansanja. Loboti ina itafunsidwa mwachindunji ndi mlendo inavomera kuti tsikulo inkathandizidwa ndi munthu. Njira zotsatirazi zingakuthandizeni kufika pa yankho ngati limenelo popanda kudikira atolankhani.

Choyamba, siyanitsani njira zitatu zimene loboti ingagwirire ntchito

Njira yoyamba ndi yoti munthu amaiyendetsa ali patali. Iye amavala magalasi a VR amene amamuonetsa zimene makamera a loboti akuona, amavalanso magolovesi kapena kugwira zipangizo zotumiza kuyenda kwa manja ake, ndipo lobotiyo imangotengera chilichonse chimene iye akuchita. Zili ngati galimoto ya mawaya imene mwana amayendetsa mumsewu wa fumbi, kungoti pano waya wautali uja saoneka chifukwa wasanduka intaneti. Njira yachiwiri ndi yoti zonse zinakonzedweratu, ndipo loboti ikungobwereza zimene inaikidwiratu, monga kuvina kwa maloboti a kampani ya Unitree pa pulogalamu ya chaka chatsopano pa wailesi yakanema ya ku China mu Januwale 2025. Njira yachitatu, imene ndi yovuta kwambiri, ndi yoti loboti ione chinthu, izindikire chimene chili, isankhe chochita ndi kuchichita popanda munthu kulowererapo.

Kuyendetsa loboti uli patali si chinyengo pakokha. Madokotala amachita maopaleshoni ndi makina a da Vinci mwa njira yomweyi, ndipo makampani ambiri amagwiritsa ntchito anthu oyendetsa kuti asonkhanitse zitsanzo zimene kompyuta ya loboti imaphunzirirapo. Cholakwa chimabwera pamene kampani ikuonetsa njira yoyamba kapena yachiwiri koma n'kusiya oonera akhulupirire kuti aona yachitatu.

Chachiwiri, werengani mawu amene atsagana ndi kanemayo, ndipo muone chimene sichinanenedwe

Opanga maloboti amene ali oona mtima amalemba pakona ya kanema mawu achingerezi akuti "autonomous" ngati loboti ikudziyendetsa, kapena "teleoperated" ngati ikuyendetsedwa ndi munthu, ndipo amalembanso liwiro la kanemayo, monga 1x kutanthauza kuti sanaithamangitse, kapena 4x kutanthauza kuti ntchito imene mukuiona m'mphindi imodzi inatenga mphindi zinayi. Ofufuza a pa yunivesite ya Stanford, pamene anaonetsa loboti yawo ya Mobile ALOHA ikuphika mu Januwale 2024, ananena poyera mbali zimene zinkayendetsedwa ndi munthu ndipo anatulutsanso kanema ya nthawi zimene lobotiyo inalephera. Umenewu ndiwo muyezo umene tiyenera kuyezera ena onse. Kampani imene yakwanitsadi kupanga loboti yodziyendetsa imakhala ndi chifukwa chachikulu cholengezera zimenezo mokweza, choncho ikakhala chete pankhaniyi, nanu musafulumire kuidzazira mawu amene yokha yapewa kunena.

Vuto lathu kuno n'loti kanema ikamafika pafoni panu imakhala itadutsa m'manja ambiri, itadulidwa kuti isadye bandulo, ndipo mawu a pakona aja nthawi zambiri amakhala atachoka. Musanaitumize kwa ena, lembani dzina la lobotiyo pa YouTube kapena patsamba la kampani imene inaipanga kuti muone kanema yoyambirira yonse.

Chachitatu, yang'anani m'mphepete mwa chithunzi ndi m'malo amene kanema yadulidwa

Maso athu amathamangira pa nkhope ndi manja a loboti, pamene umboni umakonda kukhala m'mbali. Mu Januwale 2024 Elon Musk, mkulu wa kampani ya Tesla, anaika patsamba la mchezo la X kanema ya Optimus ikutulutsa malaya m'basiketi n'kuwapinda patebulo, ndipo anthu amene anaionetsetsa anazindikira kuti pakona ya kumunsi kudzanja lamanja pankatulukira chinthu chooneka ngati dzanja la munthu, chikuyenda pamodzi ndi dzanja la lobotiyo. Musk mwiniwake analemba pambuyo pake kuti Optimus inali isanathe kuchita ntchitoyo yokha. Ku Russia, mu Disembala 2018, wailesi yakanema ya Russia-24 inaonetsa loboti yotchedwa Boris ikuvina pamsonkhano wa achinyamata mumzinda wa Yaroslavl, koma zithunzi zina zinaonetsa khosi la munthu pakati pa mutu ndi thupi, chifukwa anali munthu wovala suti yooneka ngati loboti.

Imitsani kanemayo kangapo ndipo muone makona onse, mithunzi ya pansi, ndi zimene zikuoneka pagalasi kapena pachitsulo chonyezimira. Werengani kuti chithunzi chasintha kangati ntchito imodzi isanathe, chifukwa kudula kulikonse kungabise kugwa kwa chinthu, kuyambiranso, kapena munthu amene anabwera kudzakonza. Kanema imodzi yosadulidwa, yojambulidwa patali moti chipinda chonse chikuoneka, ili ndi umboni woposa makanema khumi okongola odulidwadulidwa.

Samalaninso ndi mtundu wa ntchito imene ikuonetsedwa, chifukwa ambiri timadabwa ndi chinthu cholakwika. Katswiri wa maloboti Hans Moravec analemba mu 1988 kuti zinthu zimene anthu timaziona zovuta, monga masamu ndi masewera a nzeru, makompyuta amazichita mosavuta, pamene zimene mwana wamng'ono amachita osaganizira, monga kuona chinthu n'kuchitola, zimawavuta kwambiri. Loboti yovina kapena yodumpha chagada ikuchita chinthu chovuta, koma n'chotheka kuchikonzeratu pansi posalala. Loboti imene ikupinda nsalu yofewa, kumasula jumbo ya pulasitiki, kapena kutola chinthu chimene chagwa mosayembekezereka, n'kuchita zimenezo mwachangu ndi mosalakwitsa ngati mayi wozolowera ntchito yake, ndi imene muyenera kuifunsa mafunso ambiri.

Chachinayi, mvetserani kalankhulidwe kake

Mapulogalamu a AI, amene amatsanzira nzeru za munthu pakompyuta, masiku ano amalankhula bwino ndithu, choncho mawu okoma pawokha sakutsimikizira mbali iliyonse. Komabe pa chionetsero cha Tesla chija anthu anaona kuti maloboti osiyanasiyana anali ndi mawu osiyanasiyana, ankayankha nthawi yomweyo m'phokoso la anthu ambiri, ndipo manja awo ankayenda mogwirizana ndi nthabwala zimene ankanena. Zizindikiro zimenezi zikapezeka pamodzi zimaloza kwa munthu amene ali ndi maikolofoni. Palinso mayankho olembedweratu. Kampani ya Hanson Robotics ya ku Hong Kong, imene inapanga Sophia, imanena yokha kuti nthawi zina lobotiyo imayankha ndi AI yake, ndipo nthawi zina mawu ake amasakanizidwa ndi olembedwa ndi anthu. Ngati mafunso akutoleredwa chionetsero chisanayambe, kapena akufunsa ndi wotsogolera mwambo yekha, dziwani kuti mwina mukumvera zimene zinakonzedwa dzulo.

Chachisanu, mukakhala pamalopo, pemphani kusintha kanthu kamodzi

Apa ndi pamene muli ndi mphamvu zambiri kuposa woonera kanema, kaya ndi pa Zimbabwe Agricultural Show ku Exhibition Park, pa Harare Institute of Technology ku Belvedere, kapena pasukulu ya mwana wanu. Yambani ndi kufunsa oonetsawo mwaulemu koma momveka bwino kuti: "Kodi panopa pali munthu amene akuyendetsa manja a lobotiyi kapena kuilankhulira?" Funsani za panopa, chifukwa yankho lakuti loboti "imatha" kudziyendetsa silikunena za zimene mukuona. Funsaninso mbali iliyonse payokha, miyendo, manja ndi mawu, popeza n'zotheka kuti miyendo ikudziyendetsa pamene manja ali m'ulamuliro wa munthu.

Kenako pemphani kuti musunthe kapu imene loboti ikufuna kutola, kapena muikepo chinthu chanu chimene oonetsawo sanakonzekere, monga chipewa kapena chisononkho cha chimanga. Loboti yongobwereza idzagwira m'malere pamene panali kapu paja. Loboti yodziyendetsa ingaime kaye, kuyesa, mwina n'kulephera, ndipo kulephera kotereku kusakukhumudwitseni chifukwa nthawi zambiri ndi chizindikiro cha makina enieni. Loboti imene ikusintha nthawi yomweyo, n'kutembenuza chipewa chanu mwaluso ndi kukubwezerani m'manja, ingakhale kuti ili ndi munthu kuseri.

Yang'ananinso amene aima pafupi. Kodi pali wina amene wagwira limoti, wavala mahedifoni, kapena maso ake sakuchoka pa laputopu? Kodi pali chipinda kapena tenti imene alendo sakuloledwa kuyandikira? Munthu wogwira batani lozimitsira loboti pangozi ndi wofunika ndipo si umboni wa chinyengo, koma muli ndi ufulu wofunsa ntchito yake. Musakhutire ndi zimene oonetsa asankha kukutsegulirani. Mu 1770 Wolfgang von Kempelen anaonetsa ku Vienna makina osewera chesi amene ankagonjetsa anthu otchuka, ndipo masewera asanayambe ankatsegula zitseko za bokosilo kuti anthu aone magudumu a m'kati, pamene katswiri wa chesi amene anabisala momwemo ankangosuntha kuchoka mbali imene yatsegulidwa. Makinawo anazunguza anthu kwa zaka zambiri mpaka anapsa ndi moto ku Philadelphia mu 1854.

Ngati oonetsa akunenetsa kuti loboti ikuganiza yokha ndi kompyuta imene ili m'thupi mwake, afunseni ngati angazimitse intaneti kwa mphindi zochepa. Kuyesa kumeneku n'kwachilungamo ndipo akatswiri amakudziwa: pa mpikisano wa DARPA Robotics Challenge ku Pomona mu 2015, okonza ankasokoneza dala kulumikizana kwa maloboti ndi owayendetsa kuti aone zimene angachite okha, ndipo ambiri anagwa. Loboti ikaima intaneti itazimitsidwa sizikutsimikizira kuti pali munthu, chifukwa mwina kompyuta yake ili kutali, koma zikukuuzani chinthu chofunika kwa ife a mumzinda uno, kumene magetsi amazima kwa maola ambiri ndipo netiweki imadukaduka.

Chachisanu ndi chimodzi, musakane zonse

Kukayika kopyola muyezo nakonso kumasocheretsa. Mu Novembala 2025 kampani ya Xpeng ya ku China inaonetsa loboti yake ya IRON ikuyenda mofanana kwambiri ndi munthu moti ambiri anati muli munthu m'kati, ndipo kampaniyo inachita kudula chophimba cha mwendo wake pamaso pa anthu kuti zitsulo zioneke. Chithunzi cholondola cha pamene lusoli linali litafika panthawiyo chinaoneka pa mpikisano wothamanga makilomita 21 ku Beijing mu Epulo 2025, kumene maloboti 21 anathamanga poyera, anthu owathandiza akutsagana nawo. Yopambana, Tiangong Ultra, inamaliza m'maola awiri ndi mphindi 40 itasinthidwa batire katatu, pamene ambiri sanafike kumapeto. Ndimakhulupirira chionetsero chotere kuposa kanema yosalala, chifukwa owathandiza, mabatire ndi kugwa komwe zonse zinali pamaso pa anthu.

Chomaliza, musanatulutse ndalama funsani amene adzaone m'nyumba mwanu

Mu Okutobala 2025 kampani ya 1X inayamba kulandira maoda a loboti ya pakhomo yotchedwa NEO pamtengo wa madola 20,000 a ku America, kapena madola 499 pamwezi. Joanna Stern, amene panthawiyo anali mtolankhani wa nyuzipepala ya The Wall Street Journal, ataiyesa analemba kuti ntchito zimene anaiona ikuchita zinkayendetsedwa ndi wantchito wa kampaniyo atavala magalasi a VR, ndipo kampaniyo simabisa kuti pantchito zimene lobotiyo sinaphunzire, wantchito wake angaiyendetse ali patali mwini nyumba atavomereza. Tanthauzo lake n'loti munthu wachilendo amaona m'nyumbamo kudzera m'makamera a lobotiyo.

Ochepa mwa ife angagule loboti ya mtengo umenewo, koma sukulu, mahotela ndi mabanki angathe kubwereka yolandira alendo, ndipo ena angabwere ndi kanema yokongola n'kukupemphani kuti mutumize ndalama pa EcoCash kuti mukhale ndi gawo m'bizinesi ya maloboti. Pamenepo pemphani kuti akulembereni papepala ntchito zimene loboti imachita yokha, zimene zimafuna munthu, dziko limene munthuyo ali, ndi kumene zithunzi ndi mawu ojambulidwa zimasungidwa. Pemphaninso kuti aiyese pamalo panu, ndi katundu wanu, kwa tsiku lathunthu, m'malo mwa mphindi zochepa za pansanja. Wogulitsa akanena zabodza za katundu wake, nkhaniyo mungapite nayo ku Consumer Protection Commission, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo loteteza ogula la 2019, ndipo ya zithunzi ndi mawu anu mungapite nayo ku POTRAZ, nthambi yoyang'anira za matelefoni ndi mtokoma, imene lamulo la Cyber and Data Protection Act la 2021 linaipatsa udindo woteteza zinsinsi za anthu. Sungani pepala lija, malisiti ndi kanema imene anakuonetsani, chifukwa zimenezo ndi zimene mudzafunsidwe pokapereka dandaulo.