Mukafuna kusakaniza pansori ndi opera, yambirani pa ng'oma

Anzanga a magulu a zisudzo kuno ku Mangochi amene mukufuna kuyesa zimenezi, dziwani kaye kuti pansori, luso la ku Korea lofotokoza nkhani poyimba, ndi anthu awiri basi. Woyimba m'modzi atagwira chokupizira mphepo, pambali pake mnzake atakhala pansi ndi ng'oma yotchedwa buk. Woyimbayo amasewera yekha anthu onse a m'nkhaniyo, pena kuyimba pena kungofotokoza, ndipo nkhani ina imatha kufika maola 8. Bungwe la UNESCO linaizindikira pansori ngati chuma cha chikhalidwe mu 2003.

Sankhani nkhani. Zinalipo 12 koma zatsala 5, ine ndikuti tengani Sugungga, ya mfumu ya pansi pa nyanja imene yadwala ikufuna chiwindi cha kalulu, ndiye kamba amapita kumtunda kukamunyengerera, kalulu atafika kumeneko nkupulumuka ponama kuti chiwindi wachisiya kwawo. Imeneyi ife a m'mbali mwa nyanja sitingavutike nayo.

Kenako gawanani, wina mfumu wina kamba wina kalulu, monga amachitira mu opera. Ku Seoul anayamba zimenezi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, amati changgeuk, ndipo mu 2011 Achim Freyer wa ku Germany anaitsogolera Sugungga yomweyi kumeneko. Koma musiye munthu m'modzi wofotokoza nkhani, asachoke pa siteji.

Pamene pamavuta mpa zida. Mu opera aliyense amatsata manotsi olembedwa ndi dzanja la kondakitala, pamene wang'oma wa pansori amamvetsera mpweya wa woyimba, akakoka mawu iyenso amadikira, akathamanga athamanga naye. Ndiye wang'oma akhale kutsogolo poti woyimba azimuona, makibodi ndi mavayolini azitsata wang'omayo, volyumu pansi ndithu. Poyeserera yambani ndi mawu ndi ng'oma zokha, zida zina muzilowetsa chimodzichimodzi, chimene chikuphimba mawu chotsani musachimvere chisoni. Mfumu ikamabuula ng'oma iziyenda pang'onopang'ono kwambiri, ndiyo jinyangjo, kalulu akamathawa mupite pa kayimbidwe kothamanga kotchedwa hwimori.

Mawu a pansori ndi osasa, ochokera pansi pa mimba, chonde musamuuze woyimbayo kuti awasalaze ngati a soprano, mawu amenewo ndi amene amaliritsa anthu.

Oonera nawonso auzeni musanayambe kuti asakhale duu. Ku Korea amakuwa "eolssu" kumulimbikitsa woyimba, ngati mmene timayankhira tili tonse pa nthano, ndiye pokonza nyimbo zanu siyani mipata yoti anthu aziyankhiramo.