Momwe mungagwiritsire ntchito ma probiotics ndi mavitamini pothana ndi njoka zam'mimba

Ma probiotics ndi tizilombo tamoyo, monga mabakiteriya, tomwe anthu amamwa kuti tithandize m'mimba. Palibe kapisozi wa probiotics kapena botolo la mavitamini lomwe limapha njoka zam'mimba. Ntchito yake ndi kukonza zomwe njoka zawononga, ndipo zimathandiza pokhapokha mukazimwa pa nthawi yake.

Yambani ndi kukayezetsa chimbudzi kuti mudziwe mtundu wa njoka. Pa Ascaris (njoka zazitali zonga nyongolotsi) ndi njoka zoyamwa magazi, munthu wamkulu kapena mwana woposa zaka 2 amamwa albendazole wa 400 mg kamodzi, kapena mebendazole wa 500 mg. Mwana wa miyezi 12 mpaka 23 amamwa albendazole wa 200 mg. Mayi woyembekezera asamwe m'miyezi 3 yoyambirira. Njoka ya Trichuris ndi yokanika, mbulu umodzi siumaimaliza kawirikawiri, choncho adokotala amatha kuwonjezera masiku kapena kuphatikiza mankhwala ena otchedwa ivermectin. Likodzo lili ndi mankhwala akeake, praziquantel, 40 mg pa kilogalamu iliyonse ya thupi, ndipo amamwa munthu atadya.

Mukafika pa ma probiotics m'pamene ambiri amasokera, chifukwa amamva kuti "amakweza chitetezo" n'kuganiza kuti chitetezo n'chimodzi. Thupi limalimbana ndi njoka m'njira yosiyana ndi momwe limachitira ndi mabakiteriya. Limatulutsa mapuloteni otumiza uthenga ku chitetezo otchedwa IL-4, IL-5 ndi IL-13, limachulukitsa asilikali a m'magazi otchedwa IgE ndi maselo oyera a m'magazi otchedwa eosinophil, matumbo amatulutsa ntchofu zambiri n'kumafinyika mwamphamvu mpaka njoka itaterereka n'kutuluka. Njoka nazo zimadziwa kuziziritsa chitetezochi pochulukitsa maselo otchedwa Treg, omwe ntchito yawo ndi kuletsa thupi kutupa. Vuto n'lakuti mitundu ina ya Lactobacillus, mabakiteriya opezeka m'ma probiotics ambiri, imachulukitsanso maselo omwewo. Mu 2014 ofufuza a ku Edinburgh anapatsa mbewa Lactobacillus taiwanensis, ndipo njoka ya Heligmosomoides polygyrus inakhazikika bwino m'matumbo mwake kuposa mwa zinzake. Pa kafukufuku wina, Lactobacillus casei inachepetsa njoka za Trichinella mu mbewa, pomwe bakiteriya yemweyo anapangitsa mbewa zina kulephera kuchotsa Trichuris muris. Zonsezi zinachitika pa nyama, ndipo zikusonyeza kuti zotsatira zimatengera mtundu wa bakiteriya ndi mtundu wa njoka. Choncho musamwe ma probiotics njoka zikadali m'mimba poganiza kuti azithamangitsa. Iphani njoka kaye, kapisozi abwere pambuyo, makamaka ngati m'mimba mukupitirira kutsegula kapena kudzadza mpweya.

Pogula, tembenuzani botolo muwerenge kumbuyo. Lolongosoka limalemba dzina lonse mpaka nambala kapena zilembo za mtunduwo, monga Lactobacillus rhamnosus GG, komanso chiwerengero cha tizilombo (CFU) chomwe chidzakhale chamoyo mpaka tsiku lothera mphamvu. Likangonena chiwerengero cha tsiku lomwe anapanga, lisiyeni, chifukwa tizilomboti timafa pang'onopang'ono botolo likakhala potentha, ndipo mungalipire ndalama zambiri pogula ufa wopanda moyo. Samalaninso ndi ogulitsa pa intaneti omwe amatsatsa "zotsuka njoka" n'kumakuwonetsani zithunzi za tizingwe totuluka m'chimbudzi. Nthawi zambiri zimenezo ndi ntchofu zosakanikirana ndi ufa wa mankhwala awo omwewo. Munthu amene chitetezo chake chatsika kwambiri, mwana wobadwa masiku asanakwane, ndi wodwala amene ali ndi kapaipi kolowa mumtsempha waukulu asamwe ma probiotics popanda adokotala, chifukwa tizilomboti titha kulowa m'magazi.

Pa ayironi, yezetsani magazi kaye. Njoka zoyamwa magazi zimachepetsa ayironi ndi magazi m'thupi, n'kusiya munthu atayera zikhatho ndi m'maso. Mbulu wa ferrous sulfate wa 200 mg uli ndi ayironi pafupifupi 65 mg, ndipo pamafunika miyezi yosachepera 3 kuti thupi lidzazenso nkhokwe zake. Musamwere tiyi, khofi kapena mkaka, koma vitamini C amathandiza kuti alowe bwino. Chimbudzi chikada musadabwe. Kumadera kuli malungo, ana azimwa ayironi pamodzi ndi njira zopewera malungo, chifukwa kafukufuku wa pachilumba cha Pemba ku Tanzania wa 2006 anapeza kuti ana omwe ankapatsidwa ayironi mwachisawawa ankagonekedwa kwambiri m'chipatala. Botolo likhale patali ndi ana, ayironi wambiri amapha.

Kuchepa kwa zinki, vitamini A ndi zakudya zomanga thupi kumafooketsa chitetezo cholimbana ndi njoka, koma kuwonjezera pa munthu yemwe ali nazo zokwanira sikuthandiza. Zinki asapose 40 mg patsiku kwa wamkulu, ndipo mumtalikitse ndi ayironi maola angapo chifukwa amalimbirana polowa. Vitamini A wa 200,000 IU ndi wa ana a miyezi 12 mpaka 59, kamodzi pa miyezi 4 mpaka 6, ndipo ndi woopsa kwa mayi woyembekezera.

Pakatha masabata 2 kapena 3 kayezetseninso chimbudzi. Mazira akapezekabe, bwererani kwa adokotala akasinthe mankhwala, musawonjezere makapisozi.