Mmene Mungakumanire ndi Mkwiyo, Mantha ndi Chisoni Motsatira Chiphunzitso cha Buddha

Munthu akapsa mtima, akagwidwa ndi mantha kapena akathedwa nzeru ndi chisoni, kawirikawiri amachita chimodzi mwa zinthu ziwiri. Ena amayesetsa kukwirira zimene akumvazo n'kumadziuza kuti palibe chomwe chachitika, pamene ena amangozilola kuti ziwatenge mpaka kulankhula kapena kuchita zinthu zomwe pambuyo pake amanong'oneza nazo bondo. Abuda, omwe ndi otsatira chiphunzitso cha Buddha, amaphunzitsa njira ina, yomwe ndi kukhala tcheru ndi zimene zikuchitika m'thupi ndi mumtima pa nthawi yomwe zikuchitikayo, popanda kuzithamangitsa komanso popanda kuzimvera ngati lamulo. Njirayi inachokera kwa Siddhattha Gotama, wodziwika kuti Buddha, amene ankaphunzitsa kumpoto kwa India zaka pafupifupi 2,500 zapitazo, ndipo munthu angathe kuigwiritsa ntchito popanda kusiya chipembedzo chake, chifukwa ntchito yake ndi yophunzitsa maganizo.

Maziko ake ali m'fanizo la mivi iwiri lopezeka mu Sallatha Sutta, imodzi mwa nkhani zakale zosungidwa m'chinenero cha Chipali. Buddha anafotokoza kuti munthu wophunzitsidwa njirayi ndi wosaphunzitsidwa onse amamva ululu mofanana, koma wosaphunzitsidwayo ali ngati munthu wolasidwa muvi amene kenako walasidwanso wina, chifukwa pa ululu wa m'thupi amawonjezapo kudandaula, kudziguguda pachifuwa ndi kusokonezeka maganizo. Nkhaniyo ikunena za ululu wa m'thupi, koma aphunzitsi ambiri amaigwiritsanso ntchito pa zowawa za mumtima, ndipo ndikuona kuti sakulakwitsa. Chisoni chimene chimabwera munthu akaferedwa ndi muvi woyamba, umene palibe angaupewe. Kudzikalipira kuti chisonicho chatenga nthawi yaitali, kapena kuchita mantha kuti sichidzatha, ndiwo muvi wachiwiri, ndipo malangizo onse otsatirawa akukhudza muvi wachiwiriwu.

Muyenera kuyamba kuphunzira pa nthawi imene mtima wanu uli m'malo, osadikira tsiku la mavuto. Khalani pampando kapena pansi, msana uli wowongoka koma wosauma, manja ali pamiyendo, ndipo maso mungathe kuwatseka kapena kuyang'ana pansi patsogolo panu. Ikani maganizo pa malo amodzi pomwe kupuma kukumveka bwino, kaya ndi pamphuno pomwe mpweya ukulowa ndi kutuluka, kaya ndi pamimba pomwe pakukwera ndi kutsika. Musayese kusintha kapumidwe kanu. Sipapita nthawi yaitali maganizo asanathawire ku ntchito za mawa kapena ku mkangano wa dzulo, ndipo mukazindikira kuti athawa muwabweze modekha ku mpweya uja. Anthu ambiri amasiyira pamenepa poganiza kuti alephera, chonsecho kuzindikira kuti maganizo athawa ndiko kukhala tcheru kumene akukufunako. Mphindi 10 tsiku lililonse n'zothandiza kwambiri kuposa ola lathunthu kamodzi pa mlungu.

Tsopano tiyerekeze kuti mwalandira uthenga wonyoza pafoni kuchokera kwa munthu amene mumamulemekeza. Musanamalize n'komwe kuwerenga, nkhope yatentha, nsagwada zauma, mtima ukugunda mofulumira ndipo chala chayamba kale kulemba yankho. Choyamba kuchita ndi kuika foniyo pansi n'kutchula chamumtima dzina la chimene chabweracho: mkwiyo, mkwiyo. Kutchulaku kukhale kofatsa, ngati mmene mungatchulire dzina la mlendo amene mwamuzindikira pakhomo, osati ngati mukumukalipira kuti abwerere. Njira yotchula mayinayi inafalitsidwa kwambiri ndi mmonke wa ku Burma, Mahasi Sayadaw, amene anabadwa mu 1904 ndi kumwalira mu 1982, koma gwero lake ndi nkhani ina yakale ya m'Chipali yotchedwa Satipatthana Sutta, momwe wophunzira akuuzidwa kuti mtima ukakhala ndi chidani adziwe kuti uli ndi chidani, ndipo ukakhala wopanda chidani adziwenso kuti ulibe. Pamalo amenewo palibe mawu omuuza kuti adziimbe mlandu. Akungouzidwa kuti adziwe.

Samalani ndi kalankhulidwe kanu ka mumtima, chifukwa kunena kuti mkwiyo wabwera n'kosiyana ndi kunena kuti ndine munthu waukali. Mawu oyambawo akunena za chinthu chimene chafika ndipo chidzapita, pamene achiwiriwo akukupatsani khalidwe loti mulisenze moyo wanu wonse. Asayansi nawonso anafufuzapo za kutchula mayinaku. Mu 2007 Matthew Lieberman ndi anzake a pa yunivesite ya California ku Los Angeles anafalitsa kafukufuku woonetsa kuti anthu akamayang'ana zithunzi za nkhope zaukali kapena zamantha n'kusankha mawu ofotokoza zimene nkhopezo zikusonyeza, mbali ya ubongo yotchedwa amygdala, yomwe imachita changu pakakhala choopsa, imachepetsa mphamvu yake.

Mukatchula dzinalo, chokani pa nkhani ya mkanganoyo n'kupita m'thupi. Apa ndi pamene pali ntchito yaikulu, ndipo ndi pamene anthu ambiri amalumpha chifukwa nkhaniyo imakoka mtima kuposa thupi. Maganizo amafuna kubwereza zimene munthuyo wanena, kukumbutsa zimene anachita chaka chatha ndi kukonza mawu omulasa nawo, ndipo kubwereza kulikonse kumayatsanso mkwiyo womwe ukanazirala wokha. Choncho dzifunseni kuti mkwiyowu uli pati m'thupi langa, kenako mufufuze mosathamanga. Mwina mupeza kuti pachifuwa pali kutentha, pakhosi pali chinthu chokhala ngati chotsamwitsa, m'mimba mwamangika, mapewa akwera ndipo zala zafumbatika. Sankhani malo amodzi pomwe zikumveka kwambiri n'kukhala pomwepo. Onani ngati kutenthako kuli ndi malire, ngati kukukula kapena kukuchepa, ngati kukukhala malo amodzi kapena kukuyenda, ndiponso ngati kukusintha pamene mpweya ukutuluka. Mantha amakonda kukhala m'mimba ndi m'miyendo, manyazi kumaso ndi m'khosi, chisoni pachifuwa ndi kuseri kwa maso, koma thupi la munthu aliyense lili ndi njira yake, ndiye musakakamize kuti lanu ligwirizane ndi zimene mwawerenga.

Mukakhala pamenepo kwa kanthawi mudzaona kuti pansi pa zonsezo pali kakomedwe kapena kawawidwe kamene Abuda amakatcha vedana, ndipo amakagawa patatu: kokoma, kowawa, ndi kamene sikokoma kapena kowawa. Malinga ndi chiphunzitso chawo, chilakolako chimabadwa kuchokera pa vedana, kutanthauza kuti chinthu chikakoma mtima umafuna kuchigwiritsitsa, ndipo chikawawa umafuna kuchikankha. Pakati pa kuwawako ndi kukankhako pali mpata waung'ono kwambiri, umene munthu wosazolowera sauona n'komwe. Cholinga cha kukhala pansi tsiku ndi tsiku ndi choti mpatawo uyambe kuoneka, kuti muthe kunena kuti izi zikuwawa, n'kuima kaye pomwepo musanayankhe uthenga uja.

Kulandira kumayambira pa mpata umenewu. Mungadziuze chamumtima kuti zimenezi zilipo panopa ndipo ndikuzilola kuti zikhalepo, kenako mumasule minofu yozungulira malo owawawo, makamaka nsagwada, mapewa ndi mimba, uku mukupuma mwachibadwa. Misozi ikafuna kutuluka isiyeni ituluke. Pali msampha umodzi wofunika kuudziwa, womwe ndi kulandira mwachinyengo, pamene munthu akunamizira kuti walola mantha kukhalapo koma pansi pa mtima akuwerenga mphindi kuti achoke liti. Kumeneko ndi kukankha komwe kuja, kungoti kwavala nkhope yaulemu. Mukazindikira kuti mukuchita zimenezi musakhumudwe, koma tchulaninso dzina lake kuti kukana, kukana, n'kufufuza mmene kukanako kukumvekera m'thupi. Kulimbana ndi ganizo kumalipatsa mphamvu, monga anaonetsera katswiri wa maganizo Daniel Wegner mu 1987, pamene anauza anthu kuti asaganize za chimbalangondo choyera: ganizolo linkabwerabe, ndipo atawalola kuliganiza linabwera kwambiri kuposa mwa anthu amene sanaletsedwe poyamba.

Ena amadandaula kuti chiphunzitsochi chimasandutsa munthu kukhala wongololera chilichonse, ndipo dandaulo limeneli ndi lofunika kuliyankha mosabisa. Chimene mukulandira ndi choonadi chakuti mkwiyo uli m'thupi mwanu panopa, osati chipongwe chimene mwachitiridwa. Mu Akkosa Sutta muli nkhani ya munthu wa fuko la Bharadvaja amene anabwera kudzatukwana Buddha. Buddha anamufunsa kuti akakonzera alendo chakudya koma iwo n'kukana kudya, chakudyacho chimakhala cha ndani, ndipo munthuyo atayankha kuti chimakhala chake, Buddha anamuuza kuti nayenso sanalandire zotukwanazo, choncho zatsala kwa mwini wake. Onani kuti Buddha sanathawe ndiponso sanakhale chete, koma anayankha momveka bwino popanda kubwezera. Munthu amene akuzunzidwa kunyumba kapena kuponderezedwa kuntchito ayenera kufuna thandizo ndi kudziteteza, ndipo aliyense womuuza kuti angopirira m'dzina la kulandira akupotoza chiphunzitsochi. Pa uthenga wa pafoni uja, mkwiyo ukatsika mungaganize bwino ngati m'pofunika kuyankha, kuimba foni, kudikira mpaka mawa kapena kungousiya.

Nthawi zina zimene mukumva zimakula kwambiri moti kuyang'anitsitsa m'thupi kumangowonjezera mantha. Zikatero tsegulani maso, pondani pansi mwamphamvu kuti mumve mapazi anu, tchulani zinthu zingapo zimene mukuziona m'chipindamo, kapena imirirani n'kuyenda pang'onopang'ono mukumvetsera phazi lililonse likamanyamuka ndi kutera. Mungathenso kumakhudza malo owawawo ndi maganizo kwa masekondi ochepa, kenako n'kupita ku malo a thupi omwe ali pa mtendere monga zikhatho, n'kumasinthasintha choncho. Kuchita zimenezi si kugonja, chifukwa ngakhale mu Vitakkasanthana Sutta Buddha anapereka njira 5 zothanirana ndi maganizo ovutitsa, ndipo zina mwa izo ndi kuika ganizo labwino m'malo mwa loipalo, kulingalira za kuipa kwa zotsatira zake, ndi kungochotsapo maganizo osalilabadira.

Zikakhala kuti vuto lenileni ndi kudzida, monga zimachitikira munthu akagwidwa ndi manyazi aakulu, kuyang'anitsitsa kokha kumauma kwambiri, ndipo m'pofunika kuwonjezapo metta, womwe ndi mtima wofunira zabwino zamoyo zonse kuphatikizapo inu eni. Ikani dzanja pachifuwa n'kubwereza mwakachetechete mawu osavuta monga akuti ndikhale pa mtendere, ndisavutike, ndidzichitire chifundo. Ngati mawuwo akukanika kulowa, yambani ndi munthu amene mumamukonda mosavuta, monga mwana wamng'ono kapena gogo amene anakulerani, ndipo mtima ukafewa mudzitembenuzire nokha mawu omwewo. Poyamba zimamveka ngati sewero, ndipo palibe cholakwika ndi zimenezo.

Njira zimenezi zinalowanso m'zipatala. Mu 1979 Jon Kabat-Zinn anayambitsa maphunziro a kusinkhasinkha pa sukulu ya zaudokotala ya yunivesite ya Massachusetts, pofuna kuthandiza odwala omwe anali ndi ululu wosatha komanso nkhawa, ndipo pambuyo pake Zindel Segal, Mark Williams ndi John Teasdale anakonza maphunziro ofanana nawo oteteza anthu amene anadwalapo matenda ovutika maganizo kuti asadwalenso. Komabe kusinkhasinkha sikuyenera aliyense pa nthawi iliyonse. Willoughby Britton wa pa yunivesite ya Brown wakhala akufufuza za anthu amene kusinkhasinkha kunawabweretsera mantha aakulu, kusowa tulo kapena kukumbukira mwamphamvu zoopsa zakale. Choncho ngati munachitiridwapo nkhanza, munaonapo zinthu zoopsa zimene zimakubwereranibe, kapena muli ndi maganizo ofuna kudzivulaza, kambiranani kaye ndi dokotala kapena mlangizi wa za maganizo musanayambe kukhala pansi nthawi yaitali muli nokha, ndipo ngati muli pa mankhwala musawasiye popanda chilolezo cha amene anakulemberani.

Kwa amene angayambe bwinobwino, ndi nzeru kuyamba ndi zokhumudwitsa zing'onozing'ono, monga kutopa ndi kudikira pamzere, kunyansidwa ndi phokoso la ena kapena kankhawa kobwera foni ikalira usiku. Pa zoterezi mungathe kuphunzira kutchula dzina, kupeza malo m'thupi ndi kuona kusintha kwake popanda kumizidwa nazo. Madzulo musanagone, kumbukirani nthawi imodzi pa tsikulo pamene mtima unavutika, ndipo mudzifunse kuti zinayambira pati m'thupi, munaziona msanga kapena mochedwa, ndiponso munawonjezapo mawu otani. Ngati mungathe kupeza mphunzitsi wodziwa bwino kapena gulu la anthu osinkhasinkha limodzi, afotokozereni zimene mwapezazo, chifukwa munthu wozolowera amazindikira msanga pamene wophunzira akuyang'anitsitsa mopitirira muyeso kapena pamene wayamba kugwiritsa ntchito kupuma ngati pobisalira.